Nsanza za M'galimoto ya Agogo Ako

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Moni wochokera kuno ndi ameneyu. Muli bwanji kumeneko, iwe, mkazi wako ndi kakhanda kaja? Kayamba kukwawa, kapena katengera ulesi wa bambo wake? Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akundichita chipongwe. Zilembo zikakhota usaseke, ukudziwa kuti sukulu ndinangoinunkhiza.

Nkhani ndi ya galimoto ya agogo ako aamuna, mkazi mnzanga uja amapukutidwa m'mawa uliwonse ine ndisanapatsidwe moni.

Chiyambire chaka chino yakhala ikutha mphamvu. Sinafe tsiku limodzi ayi, yangofooka pang'onopang'ono. Poyamba inkachita ulesi pa chitunda cha kuchipatala pokha. Kenako inayamba kufuna giya yoyamba pamalo pomwe kale inkadutsa ikuimba. Mwezi wathawu anatipitirira munthu wa njinga atanyamula matilesi, n'kutifunsa ngati tikufuna kukankhidwa. Kumbuyo utsi bii, petulo ikumwa ngati chidakwa.

Agogo ako ukuwadziwa. Munthu woti wayendetsa malole moyo wake wonse sangapite kwa makanika. Amati makanika amakonza chimodzi n'kuwononga ziwiri. Ndiye Loweruka lililonse boneti m'mwamba, ine pambali nditagwira masipanala ngati namwino. Anasintha mapulagi. Anakhetsa oyilo. Anatsuka sefa ya petulo, mpaka anagona chagada pansi kugogoda paipi ya utsi kuti mwina yatsekeka. Galimoto kumangoipiraipira.

Masiku omwewo nsanza zanga za kukhitchini zinkasowa. Ndinamulalatira mkazi wa telala woyandikana nafe uja kuti ngati akufuna zigamba apemphe, asamakolole pa chingwe changa. Mpaka lero sitikulankhulana.

Loweruka lapitali anati atsegulanso sefa ya mpweya, ija imaletsa fumbi kulowa mu injini. Miyezi yapitayi imeneyi ankaitsegula okha ine kulibe. Iwe unaphunzira pa manja awo, ukudziwa mmene amachitira. Akachotsa sefayo amatseka kukamwa kwa paipi ndi kansanza kuti musagwere zinyalala. Akamaliza kuikung'untha amasolola kansanzako n'kundigenda nako kumaso, ine n'kuwatukwana. Takhala tikutero kuyambira mayi ako ali kumsana.

Tsiku limenelo ndinadikira kugendedwa. Anabwezera sefa, anatseka, anamanga, n'kupukuta manja pa buluku.

Ndinawauza kuti bambo, nsanza ija. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti nsanza iti.

Ndinawalanda sipanala n'kumasula ndekha. Ndinapisa dzanja m'paipi ndi kusolola ya tsikulo. Chala chinakhudzanso china chofewa mkati, pokhota paipi. Ndinakoka ndi waya. Inatuluka nsanza yanga yopukutira mbale, yakuda bii. Kenako ina. Kenako inanso. Injini inkazikokera mkati n'kuzipanikiza, ndipo miyezi yonseyi galimoto inkapumira pa kampata kosalowa n'chala chomwe.

Agogo ako anakalipa kuti ana a mumsewu muno akuwaseweretsera galimoto, awathyola miyendo. Yomaliza kutuluka inali mkono wa malaya awo akale a kuntchito, omwe anang'amba okha ine ndikuona. Anautenga, anautembenuza, n'kukhala pa chitini cha oyilo.

Kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati pali zinanso zomwe akhala akuchita. Ndinati palibe. Ndinanama, mwana wanga. Sindinawauze za mpopi womwe amausiya ukutuluka madzi, kapena za tsiku lomwe anandiitana dzina la malemu mlongo wawo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisauze ana.

Ndiye ndikukuuza iweyo. Ndiwe mdzukulu, si mwana, andizenge mlandu akafuna.

Titailiza, galimoto inabangula ngati yatsopano. Iwo osasekerera n'komwe. Anaizimitsa n'kukagona dzuwa lili pamutu.

Chomwe chandithyola mtima ndi cha m'mawa mwake. Anadzuka akuimba mluzu, zadzulo zonse zitafufutika. Anandiuza monyada kuti waona, vuto linali mapulagi, ndipo sabata ino amasula mabuleki kuti awaone. Mabuleki, iwe! Nsanza imangofooketsa galimoto. Nanga akaiwala kumanga nati ya buleki, n'kutsika chitunda chija nthawi yomwe ana akuweruka kusukulu?

Kiyi ndabisa. Ali m'thumba la diresi langa pamene ndikulemba pano. Agogo ako akumufunafuna nyumba yonse, pansi pa bedi, m'nsapato, m'bokosi la zitsulo, akudzitukwana kuti nkhalamba yopanda pake. Ine ndikuwathandiza kufuna. Ndikukweza mapilo, ndikusuntha mipando, kiyi akundibaya pantchafu. Nditalowa kubafa dzulo ndinalira ngati pagwa maliro, ndipo munthu ali moyo, akudya bwinobwino.

Amalume ako ndikawauza abwera ndi phokoso, awalanda agogo ako galimoto pamaso pa anthu ngati mwana wolandidwa mpeni. Zimenezo ziwapha msanga kuposa matendawo. Ine ndikawauza agogo akowo kuti asiye kuyendetsa, ati ndi nsanje yanga yakale.

Pempho langa ndi ili. Bwera, udzawapemphe galimotoyo. Udzati ukuvutika mayendedwe a kuntchito, ndipo palibe galimoto ina yomwe ungaikhulupirire koma yosamalidwa ndi manja awo. Iwe sangakukanize. Adzakupatsa akudzitama, adzakulangiza za oyilo mpaka makutu ako atawawa, ndipo udzamvetsere zonse ngakhale abwereze kangati. Adzauza msewu wonse kuti apatsa mdzukulu wawo galimoto. Bola aitaye ali wopatsa, osati wolandidwa. Za kuchipatala tidzawanyengerera limodzi galimoto itachoka.

Usachedwe ndi zopempha tchuthi mwaulemu. Uwauze akuntchitowo kuti agogo akudwala, si bodza. Sindikudziwa kuti ndipirira masiku angati kuwaona akugwada pansi kusuzumira kunsi kwa kabati. Ndiponso ndikufuna ufike akadakudziwa kuti ndiwe ndani.

Undiperekere moni kwa mkazi wako, kakhandako ukapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusunge, akuyendetse bwino panjira. Ndilekeze pano, akundiitana kuti ndikawagwirire tochi, akufuna ayang'anenso kuseri kwa firiji.

Ndine agogo ako aakazi.