Nyimbo Imene Yotamu Anandilanda Pamanda

Amayi, mukugona bwanji kumeneko? Kuno Yotamu Chirwa akadali moyo, ndipo wanenepa.

Mwina mwamuiwala. Ndi kalaliki uja wa pamgodi ku Kitwe, amene ankaphunzitsa kwaya ndi buku la do re mi. Tsiku la maliro anu ndinaimirira pamanda kuti ndiyambitse nyimbo yanu ija, monga munandilamulira. Ndinaiyamba mmene munkaiyambira kwathu ku Kasungu, pansipansi, mokoka. Ndisanamalize mzere woyamba, iye anakweza dzanja nati, "Akulu, mwataya chuni. Khalani chete." Anaiyambanso yekha, pamwamba, mothamanga, anthu n'kumuvomera. Munalowa m'dothi ndi nyimbo ya m'buku.

Zaka khumi ndi zisanu tsopano, kutchalitchi ndimangogwedeza milomo. Ana a m'komboni anakula akunditchula kuti Atayachuni, ine amene munkanena kuti khutu langa ndi lanu.

Za kuno n'zochepa. Esinati, mdzukulu wanu, ali ndi mwana wamkazi ndipo tamupatsa dzina lanu. Amamutonthoza m'Chibemba. Chimanga chimene ndinadzala kuseri kwa nyumba akapitawo anachikhapa chisanakhwime, ati chimasunga udzudzu. Ntchito yapansi pamgodi anandichotsa nkhondo ya Azungu itangotha. Dokotala anati fumbi la miyala ladzaza m'chifuwa. Ndiye ndili ku Ndola kwa Esinati, m'kachipinda kosungiramo makala.

Dzana ndinayesa kuimbira khandalo nyimbo yanu. Mpweya unandithera pa liwu lachinayi, ndipo ndinatsokomola mpaka mwana analira. Amene anakumvanipo mukuimba onse anatsikira kumeneko. Munkati mlandu suola. Suoladi, Amayi, koma mboni zimaola.

Yotamu ndi mkulu wa mpingo masiku ano. Ndamulembera katatu, ndi dzanja langa lokhotali, koma zii. Ena akuti sakukumbuka n'komwe.

Ndikulonjeza kuti ndilimbikira mpaka mvula yoyamba. Kupitirira apo sindinganame. Kupepesa kwake sindikukufuna. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha ndisanabwere: akwere sitima afike kuno, atseke buku lakelo, akhale pamphasa, amve mawu anayi amene anditsalira. Akatero anene ndi pakamwa pake, Esinati akumva, kuti chuni sindinataye.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lameki