Amphaka atatu a Esnati

Lachiwiri, Al Warqa, kuno kudziko la Aluya. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga uli pa Esnati, mnzanga wogwira ntchito m'nyumba yoyandikana nafe.

Mphaka wa madamu ake wamuzunza chaka chathunthu: ubweya paliponse, chifuwa chosatha, mikono yokhalira kukandidwa. Sabata yatha zinamukwana. Pa tsiku lake lopuma anamuika mphakayo m'chikwama, n'kukamusiya kutali ku Al Rigga kuseri kwa lesitilanti. Pajatu kwathu ukataya mphaka kutali, nkhani yatha.

Madamu analira mpaka kuleka kudya. Abwana, pofuna kuwatonthoza, anabweretsa tiamphaka tiwiri. Lero masana dokotala wa ziweto waimba foni kuti munthu wina wamutola mphaka uja. Kani amphaka akuno amawaika kachipangizo pansi pa khungu kosonyeza mwini wake!

Ndamupeza Esnati pageti akuyetsemula, maso ali psuu.

"Asisi, khalas, kwatha basi," wandiuza. "Ndinataya mmodzi, pano ndikusesa ubweya wa atatu."

Ndimati ndimudzudzule, koma ndangomupatsa mankhwala anga a chimfine. Chondimvetsa chisoni n'chakuti chibwerereni, mphakayo sakufunanso munthu wina. Wakagona pabedi pa Esnati, ndipo madamu akungoti, "Taona mmene amakukondera..."