Atate Sanasunge Mbewu

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno tilipo. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, wachira. Mwana ndi wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Liwu lakelo, ngati inu mukamakalipira nkhuku! Mtedza ku Madzimoyo wachita bwino chaka chino, kungoti chiswe chadya denga la khitchini yanu.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya atate. Ndili ndi mantha, amayi.

Mukukumbuka mmene ankasangalalira atangopuma ntchito ya uhedi kusukulu? Ankati choko chawakwana, tsopano n'zakhasu basi. Ankalawirira kumunda akuimba nyimbo za kutchalitchi, inu n'kumawaseka kuti nkhalamba yabwerera kuunyamata. Kenako munaona nokha chimwemwecho chikuzilala, anzawo akutha mmodzimmodzi, ana asukulu akuwadutsa osawadziwa. Inu munkawapezera tintchito kuti asamangokhala. Chichokereni inu, palibenso wowatuma. Amangokhala pakhonde atavala tayi, wailesi osayatsa.

Loweruka ndinapita kukawathandiza kusenda mtedza. Ndinafunsa za thumba la mbewu, lija munkalipachika kudenga kuopa makoswe. Mulibe kanthu! Mtedza wina agawira aneba, wina akazingira ana odutsa. Munthu yemwe uja anatikwapula ine ndi Yohane chifukwa chotapamo kadzanja kamodzi! Paja inu munkati njala ikule bwanji, mbewu sakazinga, wokazinga mbewu watsanzikana ndi mvula. Nditawakumbutsa mawu amenewa sanakwiye n'komwe. Anangomwetulira n'kumayang'ana njira ya kumanda. Bola akanandikalipira.

Sakudwala ayi. Kuchipatala anawapima, sanawapeze ndi kanthu. N'chimene chikundiopsa ine, chifukwa akanakhala matenda ndikanawagulira mankhwala.

Akuti mumawabwerera kutulo. Chonde amayi, ngati mukuwaitana, taimani kaye. Mwina nanunso mwasungulumwa, koma ife maliro ena sitingawathe. Mukabweranso mudzawakalipire ngati kale, muwauze kuti munda ukudikira.

Ine ndikulonjeza ichi. Kashopu kanga ka ku Chipata ndimusiyira Yohane, mvula yoyamba ikandipeza ku Madzimoyo, mbewu yanga ili pamutu. Ndikalima dala mizere yokhotakhota pamaso pawo. Mukuwadziwa, chinthu chokhota sachipirira. Akakadzuka pakhondepo kudzandilanda khasu, ndikadziwa kuti mwandimvera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati