Filimu ya Yosefe Idikira Madzi

Loweruka, mwezi wa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, koma mtima wanga uli m'malo.

Ndinapita kunyumba kwa alamu anga ku Estates, m'tauni ya Kafue, kukaona pamene Mutinta wafika ndi filimu ya asodzi a ku Chanyanya, pa mtsinje wa Kafue, imene mng'ono wanga Yosefe anaisiya yosatha pomwalira. Mutinta ndiye ankamulumikizira zithunzi. Wagwira ntchito yaikulu. Mawu amene mphepo inawononga tsopano akumveka bwino, ngakhale kutsokomola kwa Yosefe kuseri kwa kamera.

Chosajambulidwa ndi mathero okha, bwato likubwerera kudooko. Alamu, akazi a malemu, akufuna filimuyi ionetsedwe mwezi wamawa, tsiku lovundukula mwala wa pamanda.

"Iwe Mutinta, bwato ni bwato," anatero alamu. "Yenda mawa ukajambule. Nindani azaziba?"

Mutinta anaimitsa chithunzi, naloza bango lomira mpaka kunsonga. "Ba mayo, apa ni mu Malichi, manzi yanali yozula. Manje paja pali matope. Bwato ichoke pa manzi, ibwelele pa matope? Ba ku Chanyanya bazaseka, ati ba Yosefe sibanali kuiziba Kafue."

Alamu anandiyang'ana kuti ndiwathandize. Ndinayang'anitsitsa chithunzicho, ndipo Mutinta sananame. Ndinati tidikire madzi, mwala tivundukula popanda filimu.

Potsanzika alamu sanandiperekeze. Komatu Yosefe mwiniwake anadikira chaka chathunthu kuti bango lija limire. Mawa ndipita kukawauza zimenezo, ngati andipatsa mpando.