Katswiri Wopopera Tomato

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja unasiya kukuvutani. Kuno ana onse awiri ali bwino, wamng'ono wayamba kukwawa.

Mkamwini wanu masiku ano ndi katswiri. Kwabwera mayi wina wogulitsa timadzi tathovu ta m'botolo, tofinyidwa ku makungwa ndi nthanga za mitengo. Akuti ukatisakaniza ndi mankhwala opopera tomato, mankhwalawo satsetsereka, amamata pamasamba n'kulowa bwino. Ndiye munthu amene sankadziwa ngakhale pokhala khasu, lero amalawirira kudimba atadzithira perefyumu, ati kukayesa timadzito. Mayiyonso kudimbako amapita atavala nsapato zagogoda!

Nditafunsa chifukwa chake kuyesako sikukutha, anandiyankha kuti, "Iwe za sayansi ungazidziwire kuti?" Ndinangoseka. Tomatoyo wakongoladi, ndisaname. Koma dzulo pampu yopopera ndinaipeza kuseri kwa chitseko, youma gwa, eni ake atatsanzika kuti akukapopera.

Zina sizilembedwa m'kalata. Kodi m'kachipinda kanu kosokera kaja mungakwane mphasa ya anthu atatu? Ndikungofunsa. Amayi musawauze kaye.

Ndine,
Mwana wa achimwene anu