Nyenyezi za M'munda Wina

Ludzi, Mchinji
14 Meyi 2024

Okondedwa achemwali a Luwiza,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko. Zija ndinakuuzani pafoni, zoti ndapeza chimene ndakhala ndikufufuza kuyunivesite, musauzenso munthu. Ndinafulumira.

Ndikukumbutseni. Kuthambo kuli magulu a nyenyezi zounjikana ngati mpira. Tikuganiza kuti pakati pa ena mwa magulu amenewa pali dzenje lakuda la msinkhu wapakati, chinthu cholemera moti ngakhale kuwala sikutulukamo. Silioneka. Timalidziwa poona nyenyezi zoyandikana nalo zikuthamanga mopitirira. Ine ndinapeza zisanu ndi zinayi zothamanga choncho, ndipo Lachisanu lapitali ndimayenera kutumiza lipoti loti anthu a mayiko ena awerenge, dzina langa lili pamwamba.

Lolemba ndinakhala ndi kompyuta m'chigafa, bambo akusankha fodya. Anandifunsa chomwe ndimamwetulira, ndinawafotokozera mwachidule, ndikuganiza kuti sangamve. Anapitiriza ntchito, kenaka anati, "Stelia, tsamba likaoneka losiyana ndi anzake, ndimayamba ndafunsa ngati ndi la m'munda muno. Zakozo waziona kuti n'za gulu lomwelo?"

Ndinayankha kuti makina anasankha kale. Iwo anangoti belo limene sanalisanthule ndi manja awo saikapo dzina lawo.

Zinandipweteka, koma ndinabwereza kuziona nyenyezizo, imodziimodzi, masiku atatu, ndikukwera kabaza kupita pa Kamwendo pomwe netiweki imagwira. Achemwali, zisanu ndi imodzi si za gululo. Zili kufupi ndi ife, zangodutsa kutsogolo kwake. Zatsala zitatu, ndipo zitatu si umboni wokwanira.

Ndinalembera aphunzitsi anga Lachinayi, lipoti lisanapite. Ndimaopa kuti andichotsa pa kafukufukuyu. Ayankha dzulo kuti ndachita bwino, tiyezenso zitatuzo chaka chamawa. Dzenje lingakhalepo kapena ayi. Sindikudziwa, ndipo mtima wanga uli m'malo.

Moni kwa alamu ndi ana. Bambo akuti mubwere fodya akatha. M'mawa uliwonse amandifunsa ngati zitatu zija zikadalimo m'belo. Pa tsamba lothokoza la lipoti lija ndalembapo dzina lawo, "a Mateyu a ku Ludzi, osankha fodya", koma sindinawauze. Paja ndili kusekondale ndinkanamiza anzanga kuti bambo ndi kalaliki wa pa esiteti. Mukabwera mudzakhale pambali panga powawerengera.

Ndine mng'ono wanu,
Stelia