Michira ya mafayilo a adada

Lolemba, 12 Ogasiti 2024

Ine ndi kukonzakonza kwangaku! Dzulo ndinaika kamemole ka mufoni ya malemu adada pa laputopu ya kusukulu. Mayina a mafayilo anali manambala okhaokha, ndiye ndinawatcha bwinobwino: Ukwati wa Foster, Nyimbo ya adada. Tizilembo takumapeto, tobwera pambuyo pa kadontho, ndinafufuta tonse, ndimayesa zinyalala. Kompyuta inandifunsa kenakake, ine kungodina, osawerenga.

Lero palibe chikutseguka. Timapepala toyera basi.

Loweruka tikuvundukula chiliza chawo ku Chisenga, ndipo kwaya ikudikira nyimboyo. Adada anaipeka ali chigonere, nkuiyimba kamodzi kokha, mufoni. Palibe anaisunga pamtima.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Mlongo wanga Foster waimba, ati bwanji sindinatumize. Ndanamizira netiweki. Manyazi bwanji.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndakwera kabaza mpaka pa Boma. Wokonza mafoni wina wati ndi vairasi, afufute zonse. Ndachita kumulanda m'manja.

Mulungu adalitse mayi Annie, aja a ku Thyolo otaipa makalata pafupi ndi msika. Angoyang'ana kamodzi nkuseka.

"Simunaphe kanthu, aphunzitsi. Mwangodula michira."

Akuti kamchirako ndi komwe kamauza kompyuta pulogalamu yoti iitane: .jpg ndi chithunzi, .docx ndi kalata ya mu Word, .mp3 ndi nyimbo. Ati thumba la mbewu ukalichotsa chipepala, chimanga chimakhala momwemo, kungoti wosadziwa satha kunena mtundu wake. Alemba .jpg pa Ukwati wa Foster, mwadzidzidzi adada anga atulukira, ndi jekete lawo lalikulu lija! Ndalira pamaso pa makasitomala.

Koma nyimbo yakana. Kamchira ka .mp3 si kake, ndipo kabodza akuti sikasintha zam'kati. Magetsi nawo thi. Ndibwerenso mawa.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Mayi Annie andifunsa mtundu wa foni. Ndati kamabatani, kakale. Ati zambiri zotero zimajambula mawu mu .amr. Alemba, nkutsegula ndi pulogalamu ina, VLC.

Kunamveka chifuwa. Kutsokomola kwa adada kwenikweni. Ndawagwira dzanja mayi Annie kuti aimitse, sindingamvere ndekha amama kulibe.

Aisandutsa .mp3 yeniyeni kuti ilire pa sipika iliyonse, nkundikopera pawiri, poti manja angawa sakuwakhulupirira. Kulipira akana. Ndawathokoza kuti yewo chomene mwina kasanu, iwo nkuyankha m'Chitumbuka chawo chopindikacho. Ndiwapititsira nyemba, afune asafune.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Chisenga. Mphepo ya ku Mafinga mpaka m'mafupa. Ndamuululira Foster za bodza la netiweki lija, wangopukusa mutu.

Masana a kwaya anadzaza pakhonde, amama pampando wa adada. Ine ndinali pikitipikiti, kusuntha mabenchi, kupukuta sipika yopukutapukuta kale. Foster anadina.

Chifuwa chija. Nkhuku kulira chapatali. Kenako, nyimbo isanayambe, adada ndi mawu otopa:

"Eluby, siya kukonzakonza bulangetilo. Khala pansi umve."

Ndinali nditaiwala kuti tsiku limenelo ndinalipo. Amama anaseka misozi ili mbwembwembwe, nkundikoka chitenje.

Ndinakhala pansi, kansanza kali m'manja.